Mafuta a Nkhumba za Mai Rudo

Ine sindinachoke kwathu ku Ntcheu kuti ndikasunge nkhumba. Ulendo wanga unali wa ku Joni, kumene anzanga onse ankalowera masiku amenewo. Mwamuna wanga anali atandisiya n'kukakwatira ku Balaka, munda unali utaguga, ndipo mwana wanga Tadala anali atangoyamba kumene sukulu. Ndinamusiya m'manja mwa amayi anga. Tsiku lonyamuka sanalire. Anandiperekeza mpaka pamsewu atagwira nsonga ya chitenje changa, galimoto itaima anachisiya yekha.

Wa thiransipota amene anatitenga anali wapakamwa pokoma. Tinadutsa ku Tete kukutentha koopsa, tinawoloka pa Nyamapanda, tinafika ku Harare. Pa siteshoni ya mabasi ya Mbare anatiuza kuti tidikire pang'ono, akakambirane ndi a basi ina. Tinadikira mpaka aliyense anazindikira yekha kuti munthu uja sabweranso. Amene anali ndi abale owatumizira kanthu anapitiriza ulendo. Ine ndinali ndi nambala ya foni imodzi yokha, ya azakhali anga a Naphiri, amene ndinali ndisanawaonepo ndi maso. Iwo anabadwira konko, pa famu ya fodya pamene agogo ankagwira ntchito. Anabwera kudzanditenga atavala yunifomu ya mvano, anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali, n'kunena kuti mphuno iyi ndi ya kwathu, tiye. Tinakwera kombi, minibasi ya kumeneko, ya ku Chitungwiza.

Azakhali ankakhala ku Unit N, m'nyumba yaing'ono yodzaza ndi ana, zidzukulu ndi alendi. Ine ndinkagona m'khitchini, ndipo m'mawa ndinkapinda mphasa anthu asanayambe kufuna tiyi. Mpopi unalipo koma madzi ankabwera mwa apo ndi apo, choncho ntchito yanga yoyamba ku Zimbabwe inali kuima pamzere kumjigo. Ana a azakhali ankamva zonse zimene ndinkanena, koma ankandiyankha m'Chishona. Akafuna kundiseka ankanditcha Mai Blantyre, ngakhale kuti ku Blantyre ndinali nditangopitako kamodzi kokha. Ndinkaganiza kuti ndikhala miyezi yochepa, ndipeze ya basi, ndipitirize. Zinathera m'maganizo momwemo.

Ntchito inapezeka kudzera kutchalitchi. Mnzawo wa azakhali ankadziwa mayi wina, Mai Rudo, amene anali mphunzitsi kale, atapuma n'kumanga makola a nkhumba kuseri kwa nyumba zomalizira, panjira yopita kumidzi ya ku Seke. Anali munthu wamfupi, wovala magalasi, wosakonda mawu ambiri. Sanandifunse za mapepala. Anangondifunsa ngati ndimaopa fungo. Ndinati ayi, poti ndinali ndisanalidziwe fungo limene ankanenalo.

Kumakolako ndinapezako bambo wina wachikulire, woonda, wa nsapato za mphira zong'ambika, amene aliyense ankamutcha Sekuru Jailosi, ndiye kuti agogo Jailosi. Atamva kuti ndachokera ku Malawi anatula ndowa pansi, n'kundipatsa moni m'Chichewa chakale kwambiri, cha mawu amene ndinawamva komaliza kwa anthu amene anamwalira ndili mwana. Bambo awo anachokera ku Dedza wapansi. Iwowo anabadwira pa famu, anakulira pa famu, anasunga nkhumba za mzungu mpaka famuyo itatha. Ku Malawi anali asanapondeko. Mkazi wawo anamwalira, mwana wawo mmodzi analowera ku Joni n'kukhala chete. Ankagona m'kachipinda kogundana ndi mosungira chakudya cha nkhumba, amati kuti makoswe aziwaopa.

Ntchito yake inali yosatha. Kukolopa makola, kutunga madzi pachitsime, kukankha wilibala ya ndowe, kenako kusakaniza chakudya pasimenti ndi fosholo. Tinkaphatikiza chimanga chogaya, madeya, soya wofinyidwa mafuta, mchere pang'ono ndi kaufa ka mavitamini kamene Mai Rudo ankagula m'tauni. Nkhumba zikamva kulira kwa fosholo zinkakuwa zonse pamodzi mpaka m'makutu kuchita kuwawa. Poyamba ndinkadabwa kuona chimanga chabwinobwino chikupita kwa nkhumba. Kwathu nkhumba imadya gaga ndi madzi otsukira mbale, ndipo ikanenepa timangoti yanenepa, basi.

Tsiku loyamba kuona akupha, Sekuru anandiitana atamaliza kupala ndi kutumbula. Anadula kachidutswa ka pamsana n'kukaika pachikhatho changa. Anandiuza kuti nkhumba imasunga mafuta malo atatu. Ena amakhala pansi pa chikopa, amene aliyense amawaona. Ena amaunjikana m'mimba. Koma ena amalowa m'kati mwa mnofu weniweniwo, ndipo anandiloza timizere toyera, tating'ono ngati ulusi, todutsa m'nyama yofiirayo.

"Awa ndiwo tikuvutikira, mwana wakwathu," anatero. "Enawa nkhumba iliyonse imapanga yokha. Awa amafuna munthu."

Anawotcha kachidutswako pamakala, n'kuwotchanso kena ka nkhumba yokalamba imene inalibe timizereto, anandipatsa tonse tiwiri. Koyamba kanali kofewa, kamadzimadzi. Kachiwiri ndinakatafuna mpaka nsagwada kutopa.

Pang'onopang'ono ndinaphunzira mmene zimachitikira. Nkhumba ikakhala yaing'ono imafuna soya wambiri, chifukwa nthawi imeneyo ikumanga mnofu ndi mafupa. Ukaimana soya ili yaing'ono imapinimbira, ndipo chilichonse chimene idzadye pambuyo pake chimangothamangira pamsana. Ikakula, patatsala masabata angapo kuti iphedwe, tinkachepetsa soya n'kuwonjezera chimanga, osati tsiku limodzi ayi, koma pang'onopang'ono. Pamenepo mnofu umasiya kuthamanga, ndipo mafuta amayamba kulowa m'kati mwake. Ukafulumira kuchepetsa umapeza mafuta okhaokha, ukachedwa umapeza nyama youma. Nkhumba zofiira zinkagwira timizereto msanga kuposa zoyera, ndipo zothena kuposa zazikazi. Mai Rudo ankayeza chakudya pasikelo, Sekuru ankayeza nkhumba ndi dzanja, kuisisita pamsana ndi m'nthiti. Ankakangana kawirikawiri za tsiku loyenera kusintha chakudya, koma mkangano wawo unali wa anthu ofuna chinthu chimodzi.

Nyama yathu yonse inkapita kwa a Gumbo, amene anali ndi butchala pa Chikwanha, pamene anthu amagula nyama n'kuwotcha pomwepo, utsi uli tolo kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu. A Gumbo anali wamtali, wa manja akuluakulu. Nyama ikafika ankakanikiza chala chachikulu pamafuta a pamsana. Amati mafuta abwino azikhala oyera ndi olimba ngati kandulo. Kenako ankadula kachidutswa n'kukayang'ana padzuwa. Akagwedeza mutu, Mai Rudo ankapuma. Makasitomala awo ankaikonda nyama yathu chifukwa sinkauma pamoto, ndipo ena ankafunsa dala kuti ya ku Seke ija yafika kodi.

Zaka zimenezo ndinkati zabwino, koma kutopa kwake ndimakumvabe m'msana. Fungo linalowa m'khungu, sopo osalichotsa. M'kombi anthu ankasendera kutali, ndipo kondakitala wina ankakonda kunena kuti nguruve yakwera, ilipire pawiri. Nguruve ndi nkhumba m'Chishona, ndipo anali mawu oyamba amene ndinawadziwa bwino. Ndinasiya kukwera kombi, ndinkangoyenda wapansi. Masana tinkakhala pansi pa mtengo wa mango ndi Sekuru, kudya sadza, nsima ya kumeneko, ndi matumbo kapena mutu umene Mai Rudo ankatipatsa tsiku lopha. Sekuru ankandifunsa za ku Dedza. Ankafuna kudziwa ngati phiri limaoneka uli pamsewu, ngati n'zoona kuti kumazizira mpaka madzi kuuma pa udzu. Ndinkawauza zimene ndinkadziwa, zinazo ndinkangowonjezera, iwo akugwedeza mutu ngati akukumbukira.

Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kudzera kwa makondakitala a mabasi a ku Malawi, pamodzi ndi shuga, sopo ndi zovala za Tadala. Achimwene anga ndiwo ankalandira pamsewu. Anandiuza kuti akuumba njerwa, andimangire kanyumba kuti ndikadzabwera ndidzakhale ndi pofikira. Pafoni Tadala ankandiuza za kusukulu, za mbuzi imene inadya buku lake. Kenako nkhani zinayamba kufupika. Kenako zinangotsala za moni, ali bwino, agogonso ali bwino.

Uthenga wa imfa ya amayi unandipeza ndikukolopa khola. Pasipoti yanga inali itatha mphamvu kalekale, ndipo aliyense anandiuza kuti ndikatuluka sindidzalowanso. Panalibenso nthawi, kwathu maliro sadikira munthu wa kutali. Sekuru anandilanda tsache, anandikhazika pathumba la madeya, anamaliza okha ntchito ya tsikulo. Madzulo azimayi a mvano anabwera kwa azakhali, anachotsa mipando pabalaza, tinakhala pansi n'kuimba. Anali maliro opanda mtembo. Kutacha ndinabwerera kumakola, poti nkhumba yaikazi ina inali itaswa. Tadala anatengedwa ndi achimwene ndi alamu.

Kenako kunabwera chilala, ndipo ndalama za dzikolo zinayamba kusungunuka m'manja. Chimanga chinasowa kwa anthu omwe. Soya anakwera mtengo mpaka Mai Rudo ankabwera kuchokera m'tauni galimoto ili yopanda kanthu, n'kukhala m'menemo nthawi yaitali osatuluka. Anayamba kutenga masese kwa anthu ofulula mowa. Nkhumba zinkawadya mokondwa, mimba n'kutupa, koma m'thupi osalowa kanthu. Masese ndi madzi ndi makoko basi. Zinakula mochedwa, nthiti zikuwerengeka. Titapha zoyamba, nyama inali yakuda, yopanda kamzere koyera n'kamodzi komwe. A Gumbo anaitenga chifukwa cha chibale cha zaka zambiri, koma anati anthu akudandaula kuti ikuuma pamoto ngati chikopa. Anawauza Mai Rudo kuti pa Khirisimasi akufuna nyama yambiri, ya mtundu wakale uja, ndipo ikapanda kupezeka adzakagula kwa anthu a mafamu akuluakulu.

Mai Rudo anagulitsa nkhumba zazikazi zingapo kuti apeze mafuta a galimoto. Anayamba kuzungulira m'mabekale ndi m'malo ophikira tchipisi. Ankabwera ndi matumba a buledi wotsala, mabanzi ouma, ndi zigubu za mafuta akuda amene aphikira tchipisi mpaka atopa. Anati tizinyika bulediyo m'madzi, tizithirako mafutawo, tizisakaniza ndi masese. Sekuru ananunkhiza chigubu chimodzi n'kuchitseka. Anawauza mwaulemu kuti nkhumbazi zakula zopanda soya, mnofu zilibe, ndiye zikadya zimenezi mafuta onse akathera pansi pa chikopa, ndipo mafuta a tchipisi akalowa m'nkhumba salimba.

"Ndikudziwa, Sekuru," anayankha Mai Rudo. "Ndikudziwa bwino lomwe. Ndiuzeni china choti ndizipatse mawa m'mawa, ndikachitenge."

Sekuru anatenga fosholo n'kuyamba kusakaniza.

Ifenso tinayamba kudya buledi yemweyo. Ufa unali wosowa, ndipo kwa azakhali pakamwa panali pambiri. M'mawa uliwonse tinkasankha m'matumbamo amene sanachite nkhungu, kumukazinga m'mafuta a m'chigubu amene anali oyererako, n'kumwera tiyi wa shuga wambiri kuti tipeze mphamvu zokankhira wilibala. Masana chimodzimodzi. Wina ndinkanyamulira adzukulu a azakhali. Sekuru sanasinthe, anali woonda ngati kale. Ine ndinayamba kudzaza. Madiresi anandithina, mapazi ankatupa, ndipo ndikakwera kachitunda ka kuchitsime mtima unkagunda ngati ndathamanga.

Nkhumba nazo zinasintha msanga. Nthiti zinabisika, misana inatambalala, khungu n'kumanyezimira. Anthu odutsa ankaima pampanda n'kumayamikira kuti Mai Rudo ali ndi dzanja, chilala chonsechi nkhumba zili chonchi. Koma zinali zaulesi, zinkadya chogona, zina zinkalephera kudzuka miyendo ikunjenjemera. Sekuru ankazisisita pamsana, dzanja n'kumira. Tonse atatu tinkadziwa, koma tinkayembekeza kuti mwina mpeni udzatiuza zina.

Tinapha zonse zazikulu kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ikwane, chifukwa lole yobwereka yonyamulira nyama yonseyo inali ya tsiku limodzi. Yoyamba itang'ambidwa pakati ndinaona Mai Rudo akuvula magalasi n'kuwapukuta. Mafuta a pamsana anali okhuthala kuposa chikhatho changa, achikasu, ofewa ngati phala lozizira. Pansi pake panali kamnofu kopyapyala, kotuwa, kopanda timizere. Tinazipachika pamthunzi kuti zilimbe, koma mafutawo sanalimbe. Ankangodontha pansi, ndipo ankamveka kafungo ka chiwaya cha tchipisi.

Tinapita nazobe ku Chikwanha, ine ndi Sekuru titakhala kumbuyo pamwamba pa lona. Pamalopo panali piringupiringu, makombi akuimba mahutala, mawailesi akulira. A Gumbo anatuluka akupukuta manja, anavundukula lonalo, anakanikiza chala. Chalacho chinalowa, ndipo atachichotsa dzenje linatsala. Sanadule n'kachidutswa komwe.

"Hapana nyama apa, Mai Rudo," anatero m'Chishona motsitsa mawu kuti anthu asamve, kutanthauza kuti apa palibe nyama. "Ndikaika iyi pamoto, moto ubuka mpaka kudenga, ndipo munthu atsala ndi chikopa m'mbale."

Mai Rudo anapempha kuti atengeko theka pamtengo uliwonse umene angafune. A Gumbo anati dzina la butchala yawo ndilo amadyera, sangathe. Sanakalipe, sanatinyoze. Anathandiza Sekuru kubwezera lona, anatigulira zakumwa zoziziritsa kukhosi, n'kulowa m'kati. Ndikanakonda akanatitukwana, mwina tikanakhala ndi munthu womukwiyira.

Magetsi kunalibe, ndiye furiji inali bokosi chabe. Tinaduladula nyamayo n'kuiika m'ndowa, ine ndi ana a azakhali tinayenda nayo khomo ndi khomo ku Unit N mpaka ku Unit D, dzuwa lili pamutu, ntchentche zikutitsata. Azimayi ankavundukula ndowa, kutembenuza chidutswa, n'kufunsa kuti nanga nyama ili pati. Ena anagula chifukwa chotchipa. Tsiku lachiwiri inayamba kusintha fungo. Yotsalayo tinaisungunula m'mgolo, tinathira mafutawo m'mabotolo kuti tigulitse ophikira, koma anayamba kununkha msanga. Zina tinakwirira kuseri kwa makola. Khirisimasi imeneyo ndinaidya ndili chigonere, mapazi nditawaika pamtsamiro.

Chaka chitayamba Mai Rudo anatiitana pansi pa mtengo wa mango uja. Anati tiana totsala agulitsa, malowo apereka kwa munthu woumba njerwa za simenti, iwo akupita kukakhala kwa mwana wawo ku Mutare. Anandipatsa mabulangete awiri ndi mapoto. Sekuru anawapatsa wilibala ndi fosholo. Za kachipinda ka Sekuru, anati mwini watsopanoyo ankafuna kusungiramo simenti. Anafunsa ngati Sekuru ali ndi kumudzi koti awaperekeze pagalimoto. Sekuru anaseka pang'ono n'kunena kuti kumudzi kwawo kunali pa famu, ndipo famuyo ili ndi eni ake ena. Chitupa analibe, cha ku Zimbabwe kapena cha ku Malawi. Anthu a kutchalitchi anawapezera kashedi kuseri kwa nyumba ina ku Unit D, ndipo anayamba kunyamulira anthu katundu pawilibala pa Chikwanha. Ndinkawapeza pamenepo nthawi zina, atakhala m'wilibala momwemo pafupi ndi butchala ya a Gumbo, akuyang'ana nyama yotsika m'malole. Amati ya mafamu akuluakuluyo njoyera bwino, koma anaithamangitsa kukula.

Ine ndinachapa zovala za anthu, ndinagulitsa tomato, mpaka tsiku lina ndinagwa pamzere wa kumjigo. Kuchipatala anati ndili ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Azakhali anadikira kuti ndipezeko bwino, kenako anandiuza mosabisa kuti iwo aika m'manda anthu ambiri a kwathu amene ankati adzapita chaka chamawa, ndipo ine ndipite ndikadali woyenda ndi miyendo yanga. Amvano anasonkha ya basi. Ndinapita kukatsanzikana ndi Sekuru, ndinawapeza akutsokomola. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, anati ndikadutsa pa Dedza ndisagone m'basi. Anamwalira dzinja lotsatira. Azakhali anandiuza pafoni kuti anthu a bungwe la maliro la kutchalitchi ndiwo anawaika.

Nditafika kwathu anthu anandizungulira n'kumandigwira mikono. Amati Halale wandiyanja, taonani thupi, ndiye kuti kumeneko mumadya nyama tsiku ndi tsiku. Sindinawatsutse, ndinalibe mphamvu. Kanyumba kaja kanamangidwadi, koma munkakhala mwana wa achimwene ndi mkazi wake, ndipo achimwene anati sakanadziwa kuti ndibwera liti. Anandipatsa nyumba yakale ya amayi, ya denga lodontha. Tadala anali atakwatiwa kutsidya kwa dambo. Anabwera tsiku lachitatu, mayi wamkulu ndithu, anagwada patali n'kundipatsa moni ngati mlendo wa kutchalitchi. Alamu anga ndiwo ankawatcha amayi. Ine, akamalankhula za ine kwa anthu, ankati a ku Halale aja. Sanandifunse chilichonse, ndipo inenso sindinadziwe poyambira. Tinkakumana kumaliro ndi kuchigayo, moni, moni, aliyense njira yake.

Nditagulitsa bulangete limodzi ndi mapoto aja ndinagula kamwana ka nkhumba, kamphongo, kofiirira. Sindinkadziwa ntchito ina. Ndinakathenetsa, ndinamanga khola kuseri, ndinalima soya pang'ono. Ndinkamukazinga ndi kusinja ndekha, n'kusakaniza ndi gaga ndi masamba a mbatata. Itakula ndinachotsa soya pang'onopang'ono, poti soya wosafinyidwa amafewetsa mafuta a nkhumba, n'kumaipatsa chimanga ndi makaka osinja. Alamu ankadutsa akupukusa mutu, amati ku Halale ndinaphunzirako kulemekeza nkhumba kuposa anthu.

Tinaipha tsiku la msika. Anyamata a kanyenya anatenga yambiri, ine ndinasungako ya pamsana. Timizere tinalimo, tochepa, koma tinalimo. Masana ndikukoleza mbaula ndinaona Tadala akubwera ndi kambale. Anali ndi pakati, miyezi itapita ndithu. Anati wakhala akulakalaka kapado sabata yonse, ndipo amva kuti kuno kwaphedwa. Ndinati adikire ndimuwotchere, poti yaiwisi akanakaipsereza. Anaima pafupi ndi nkhokwe, kambale kali m'manja. Nditamupatsa chidutswa choyamba anadya choimirira. Chachiwiri anadya atakhala m'mphepete mwa mphasa. Ine sindinadye, adokotala anandiletsa.

Anapukuta zala pachitenje, anayang'ana kukhola kopanda kanthu kuja.

"Kodi zaka zonse zija, kumene kuja, munkatani kwenikweni?"

Ndinafunafuna m'mutu chinthu chachikulu choti ndimuuze, choti chikwanire zaka zimene anakula popanda ine. Sindinachipeze. Nyumba zazitali za ku Harare ndinangoziona pawindo la basi. Ndinalibe nkhani ina koma ya makola, ya chilala, ya buledi wankhungu, ndi ya bambo wina wa ku Dedza amene sanafikeko ku Dedza.

"Ndinkadyetsa nkhumba," ndinatero. "Ndi nkhani yaitali, ndipo siyokoma."

Tadala anasuntha, anatambasula miyendo pamphasa, anatsamira khoma.

"Wotchani ina," anatero. "Kunyumba ndaphikiratu."